Nyanja ya Chilwa Imaumira Kumtunda

Mau awa adalankhulidwa pa msonkhano wa makhansala, mafumu ndi makomiti a asodzi a m'maboma ozungulira nyanja ya Chilwa. Tawasindikiza monga m'mene adalankhulidwira.



Mwandipempha kuti ndilankhulepo za udindo wa makhonsolo pa nkhani ya kusintha kwa nyengo ndi kuteteza zachilengedwe. Nkhani imeneyi kawirikawiri imakambidwa m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Mangochi, m'Chingerezi chozama, anthu nkulandira tindalama ta msonkhano nkumabwerera kwao. Ine ndaona kuti ndi bwino tiibweretse pafupi, pa nyanja yathu ino ya Chilwa, chifukwa aliyense muno amadya matemba, ndipo ambiri mwa inu mudaiona ndi maso anu nyanjayi itasanduka bwalo la fumbi. Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi. Mvula palibe khonsolo imene ingailamule, koma zimene mvulayo imachita ikafika pansi zili m'manja mwa makhonsolo a Zomba, Machinga ndi Phalombe, pamodzi ndi khonsolo ya mzinda wa Zomba. Ndipo makhonsolo amenewa sadzasuntha pokhapokha eni ake, amene ndi inu anthu ovota, mutamawalondalonda.

Tiyambe taikumbukira nyanjayo m'mene ilili. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique, koma potuluka amatengedwa ndi dzuwa basi. Ili ngati mbale yaikulu yosaya, pakuti m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 2 kapena 3. M'mbale imeneyi muli chuma chosasimbika. M'zaka zabwino nyanjayi yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi, makamaka matemba, makumba ndi milamba. M'madambo mwake muli njedza ndi bango, msipu wa ng'ombe, minda ya mpunga, ndi mitundu ya mbalame yoposa 150, zina zochita kuuluka kuchokera ku Ulaya chaka ndi chaka. Ndi chifukwa chake mu 1996 Chilwa idalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi pansi pa pangano la Ramsar, ndipo lidali dambo loyamba la Malawi kulembedwamo. Mu 2006 bungwe la UNESCO nalo lidailemekeza.

Anthu ophunzira ali ndi mau aatali otchulira kuchuluka kwa mitundu ya zamoyo. Kwa ife kuno tanthauzo lake lili m'mbale ya ndiwo. Ndi matemba a pa Kachulu, bowa wa m'nkhalango ya Malosa, masuku, mphalabungu, uchi, mankhwala a azitsamba, udzu wofolera nyumba. Mtundu umodzi wa mtengo ukatha, bowa amene amamera pansi pake amathanso, ndipo mayi amene ankagulitsa bowayo m'mbali mwa msewu kuti agulire mwana makope wataya ntchito, ngakhale dzina lake silidzalembedwa m'buku lililonse la Boma.

Nyanja imeneyi imauma, ndipo siidayambe lero. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, idaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi ndi pa njinga m'malo amene kale munkadutsa mabwato opita ku Chisi. Chachikulu chimene chimaumitsa nyanjayi ndi kuchepa kwa mvula zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana. Koma pali zina zimene timawonjezera tokha. Dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limatsika ndi mitsinje nkukakhazikika pansi pa mbale ija, ndipo mbale yodzala matope siisunga madzi ambiri. Mitsinje imene kale inkayenda chaka chonse imasefukira mwezi wa Januwale, pofika Seputembala nkukhala mchenga wokhawokha. Ndi chifukwa chake ndikunena kuti nyanja ya Chilwa imayamba kuuma kumtunda, pa phiri la Zomba, pa Malosa, pa Chikala, pa Michesi ndi pa Mulanje.

Tsono nanga nyengo? Akuluakulu a ku Zomba amakumbukira napolo wa Disembala 1946. A ku Phalombe sadzaiwala Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi nkupha anthu mazanamazana. Zoterezi kale zinkachitika kamodzi pa m'badwo, koma taonani m'mene zathinanira posachedwapa. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira mpaka Boma lidalengeza kuti maboma 15 agweredwa tsoka. Mu Malichi 2019 kudabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkukhala mu mdima. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 ndi kusiya ena oposa 600,000 opanda pokhala, ndipo Phalombe ndi Mulanje adalira maliro osawerengeka. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza za tsoka la ng'amba m'maboma 23 mwa maboma 28. Chaka china madzi, chaka china chilala, mlimi osadziwanso tsiku lodzala.

Gwero la zimenezi akatswiri adalifotokoza kale. Utsi wa malasha, petulo ndi dizilo wochokera m'mafakitale ndi m'magalimoto, makamaka a maiko olemera, wadzadza mlengalenga ndipo ukusunga kutentha monga limachitira bulangeti. Nyanja yaikulu ya Indian Ocean, kumene anamondwe amabadwira, yafunda. Mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri, choncho mvula ikati igwe imakhuthuka nthawi imodzi, ndipo dzuwa likati liombe limaumitsa msanga. Utsi wa Malawi pa zonsezi ndi kadontho chabe. Boma lathu limachita bwino kukalimbana ndi maiko olemerawo ku misonkhano ya maiko, ndipo mu 2022 ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt maiko adagwirizana zokhazikitsa thumba lothandizira maiko osauka amene aonongekeredwa. Koma khansala wa kuno sapita ku misonkhano imeneyo, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindikunena kuti mitengo ikadamuletsa Freddy, ayi, mvula ija idagumula ndi malo a nkhalango omwe. Koma si namondwe amene adagawa malo omangapo nyumba m'njira za madzi m'mbali mwa phiri la Soche ku Blantyre, kumene anthu a ku Chilobwe adakwiririka ndi matope. Zimenezo zidachitika anthu akuona, maofesi ali otsegula.

Abale anga, funso lofunika ndi lakuti, kodi nchifukwa ninji ife Amalawi, amene timadziwa bwino lomwe kufunika kwa mtengo, timaudula ngati ndi wa mdani? Yankho lake lili m'mbiri ya ndale zathu. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidabweretsa malamulo a malimidwe. Anthu ankakakamizidwa kupanga mizere yopingasa ndi milambala, ankaletsedwa kulima m'mbali mwa mitsinje ndi m'malo otsetsereka, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa. Zambiri mwa zimene alangizi aja ankanena zinali zoona, koma zidabwera ndi chikoti, choncho anthu adadana nazo, ndipo chipani cha Nyasaland African Congress chidapeza otsatira ambiri m'midzi chifukwa chotsutsa malimidwe. Titalandira ufulu mu 1964 chikoti chija chidangosintha mwini. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi nkhalango zinali za Boma, nyanja ya Boma, ndipo ngakhale kuyambira mu 1976 tinkadzala mitengo pa 21 Januwale chaka chilichonse, palibe amene ankafunsa munthu wa kumudzi kuti akufuna mtengo wanji ndipo audzale pati. Nkhalango zinkasungidwa ndi mantha.

Pa 14 Juni 1993 tidavotera matipate, pa 17 Meyi 1994 tidasankha boma latsopano, ndipo mantha adatha. Chimenecho chinali chinthu chabwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune kubwerera ku masiku a makhadi. Koma mantha atachoka sitidaikepo china m'malo mwake. M'zaka zoyamba za matipate phiri la Ndirande, limene lidali lobiriwira, lidametedwa mpala anthu akunena kuti uwu ndiye ufulu. Zomwezo zidachitika m'nkhalango zambiri za kuno. Andale ena ankaopa kudzudzula poopa kutaya mavoti, ena ankachita kulonjeza minda m'nkhalango. Phunziro lake ndi lakuti lamulo lochokera kumwamba limakhala ndi moyo pokhapokha mlonda ali maso. Lamulo lolimba ndi limene anthu adalipanga okha, amadziwa chifukwa chake, ndipo amaona phindu lake. Malo amene demokalase idatipatsa opangira malamulo otere ndi khonsolo.

Musanene kuti mphamvu mulibe. Ndime 13 ya malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 imalamula Boma kusamala zachilengedwe, kuteteza mitundu ya zamoyo ndi kuganizira ana amene sanabadwe. Lamulo la zankhalango la 1997 limapatsa nyakwawa mphamvu yopatula nkhalango ya mudzi ndi kuiika m'manja mwa komiti ya anthu a m'mudzimo. Lamulo la zausodzi la chaka chomwecho limalola asodzi kutenga nawo mbali poyang'anira nyanja. Mu 1998 Boma lidavomereza mfundo ya mphamvu ku anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono, limene limapatsa khonsolo mphamvu yopanga malamulo ake ang'onoang'ono, kutolera misonkho yake ndi kukonza mapulani a chitukuko. Mfundo ya 1998 ija idanenanso kuti 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse imene Boma latolera izipita ku makhonsolo kukagwira ntchito za chitukuko.

Papepala zonse zili bwino, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makhansala oyamba a nthawi ya matipate tidawasankha mu Novembala 2000, patapita zaka 6 chiyambire demokalase. Nthawi yao itatha mu 2005, dziko lino lidakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, mpaka chisankho cha pa 20 Meyi 2014. Nyanja imene idaphwa mu 2012 idaphwa kulibe munthu wosankhidwa woti nkuilankhulira m'khonsolo. Mu 2010 lamulo la maboma ang'ono lidasinthidwa, aphungu nkupatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolo, ndipo kusankha abwanamkubwa kudaikidwa m'manja mwa nduna. Maboma a zipani zosiyanasiyana akhala akuyamikira mphamvu ku anthu pa misonkhano, koma ndalama nkumazigwira ku Capital Hill. Inu makhansala amene tidakusankhani pa 16 Seputembala 2025, dziwani kuti mpando umene mwakhalapowo ena sadaufune kuti ukhalepo, ndipo njira yokha youtetezera ndi kuonetsa anthu kuti uli ndi ntchito.

Kodi malamulo opangidwa ndi anthu eni ake amagwiradi ntchito? Umboni tili nawo pompano. Nyanja ikauma, nsomba sizifa zonse. Zina zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi kumathiriro ake, milamba imapirira m'matope, ndipo mvula ikabwerera nsomba zomwezo ndi zimene zimaswana nkudzazanso nyanja. Maiwe amenewa ndi nkhokwe ya mbewu. Nyanja itauma mu 1995, mafumu a kuno pamodzi ndi a nthambi ya zausodzi ndi anthu a m'midzi adagwirizana zoletsa kuthira katupe m'maiwe ndi kukokamo makoka, ndipo adakhazikitsa makomiti oyang'anira mitsinje. Madzi atabwerera, matemba adabwerera. Ena mwa inu mudali m'makomiti amenewo, ndipo mukudziwa kuti simudalandire malipiro.

Umboni wina uli m'mudzi uliwonse. Mukakwera pa chulu nkuyang'ana mudzi umene mitengo idatha, mudzaona kamsitu kamodzi kobiriwira, ndipo simufunsa kuti pamenepo ndi pati. Ndi kumanda. Kulibe mpanda wa waya, kulibe mlonda wa mfuti, koma nkhwangwa siifikako popanda chilolezo cha mfumu, chifukwa mudzi wonse udavomereza kuti malowo ndi olemekezeka. Ngati tingathe kusunga mitengo ya akufa, tingalephere bwanji kusunga mitengo ya pa kasupe pamene amoyo amamwa? Tikatuluka m'dera lathu lino nkupita ku Salima, pa nyanja ya Malawi pali chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka chilumbachi m'miyezi ya dzinja kuti nsomba ziswane, asodzi onse nkuchokapo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Si mwambo uliwonse wa ku Mbenji umene tingautengere kuno, koma anthu ochokera kutali amapita kukaphunzira kumeneko chifukwa nsomba zilipobe.

Tsono, olemekezeka makhansala, ndili ndi zopempha zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe mwa izo chimene chifunika kudikira mzungu wobwera ndi ndalama.

Choyamba, makhonsolo onse ozungulira nyanjayi akhale pansi pamodzi ndi kupanga malamulo ang'onoang'ono ofanana. Nsomba siidziwa malire a boma. Msodzi wogwiritsa ntchito neti ya udzudzu akathamangitsidwa pa Kachulu amangopalasa bwato kupita kwa Mposa kapena ku Swang'oma, ndipo ntchito ya komiti imodzi yapita pachabe. Nyengo yotseka nyanja, makoka oletsedwa, kuteteza maiwe, malo oswanirana mbalame ndi chindapusa, zonsezi zikhale chimodzimodzi mbali zonse. Malamulowa akambidwe kaye m'midzi ndi m'madoko m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe asanapite kwa nduna kukavomerezedwa, ndipo akapita kumeneko muziwalondola, asakagone m'kabati. Anzathu a tsidya la Mozambique nawonso ayitanidwe, pakuti nyanjayi timamwera limodzi.

Chachiwiri, magombe a mitsinje. Khonsolo iliyonse igwirizane ndi mafumu za mtunda woyenera kusiyidwa osalimidwa kuchokera pa madzi, ndipo malirewo aikidwe poyera anthu onse akuona. M'malo amenewo mubwerere bango, nsenjere, nsungwi, mikuyu ndi katope. Wokumba mchenga ndi woumba njerwa m'mbali mwa Likangala akhale ndi chilolezo chonena malo ake, ndipo ndalama ya chilolezocho ibwerere ku mtsinje womwewo. Khonsolo ya mzinda wa Zomba ikumbukire kuti zinyalala ndi zonyansa zimene zalowa mu Likangala m'tauni zimakathera m'minda ya mpunga ndi m'nyanja. Mapepala a pulasitiki opyapyala adaletsedwa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019. Misika ndi ya khonsolo, choncho musadikire munthu wochokera ku Lilongwe kuti adzakuuzeni zimene zikugulitsidwa mumsika mwanu.

Chachitatu, tisiye kuwerenga mitengo yodzalidwa, tiyambe kuwerenga mitengo yopulumuka. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala timaona akuluakulu atavala majombo atsopano, kudzala kamtengo kamodzi, kujambulitsa, nkukwera galimoto. Pofika Okutobala mbuzi ndi moto wa osaka mbewa zamaliza ntchito. Mu 2016 dziko lathu lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango pofika 2030, ndipo lonjezo limeneli silingakwaniritsidwe ndi zithunzi. Khansala aliyense azibweretsa ku msonkhano wa khonsolo chiwerengero cha mitengo imene yadutsa chilimwe m'dera lake. Komanso njira yotsika mtengo koposa ndi kusamala zitsa. Phiri la mitengo yachilengedwe mukalitchinjiriza ku moto, ku mbuzi ndi ku nkhwangwa, mitondo, mombo ndi misuku zimaphukira zokha, ndipo pamodzi nazo pamabwerera bowa, njuchi ndi mbalame. Bulugamu ali ndi ntchito yake ya milimo ndi nkhuni, koma pa kasupe ndi m'mbali mwa mtsinje si malo ake. M'minda tisiyemo misangu, imene imathothola masamba nthawi ya dzinja nkumadyetsa chimanga. Ndipo tisaiwale zimene zidachitikira mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene pa kafukufuku wa mu 2017 udapezeka kuti mitengo yake ikuluikulu yatsala 7 yokha m'phiri lonse.

Chachinayi, makala. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ogula makala ambiri ali m'tauni, ena mwa iwo ali muno. Mu 2020 lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa, zilango nkukwera. Koma tonse timaona m'mene zimakhalira pa msewu, wa njinga amene wanyamula matumba awiri ndi amene amalandidwa, pamene lole yodzaza imadutsa usiku. Chilungamo chotere chimaphunzitsa anthu kunyoza lamulo. Khonsolo ifunse poyera kuti malole amenewa ndi a yani, ndipo makala olandidwa amathera kuti. Iyambenso ndi nyumba yake yomwe. Mu 2018 Boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu, choncho sukulu, msika kapena chipatala chomangidwa ndi ndalama za khonsolo chisamalize nkhalango ya mudzi umene chabwera kudzautumikira.

Chachisanu, malo okhala. Khonsolo iliyonse ikhale ndi mapu osonyeza njira zimene madzi ndi miyala zidadutsa mu 1991, mu 2015 ndi mu 2023, ndipo mapuwo apachikidwe ku bwalo la mfumu, ku tchalitchi ndi ku mzikiti. Madzi saiwala khwawa. Amene ali m'njira zimenezi asathamangitsidwe ngati akuba, koma apezeredwe malo ena okhala ndi mjigo, sukulu ndi munda pafupi, chifukwa munthu wosamutsidwira pouma amabwerera ku dimba lake mvula isanathe. Mudzi uliwonse wa m'munsi mwa phiri ndi wa m'mbali mwa mtsinje udziwe amene adzaimbe mluzu usiku, ndi kumene anthu adzathawire.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama, pakuti apa ndi pamene nkhani zambiri zabwino zimafera. M'ndondomeko ya chuma ya khonsolo mukhale mzere wooneka wa zachilengedwe, wochokera ku misonkho ya m'misika, ya pa madoko ndi ku zindapusa. Gawo la chindapusa lizitsala ndi komiti imene yagwira wolakwa, lisiti nkulembedwa, kuti anthu ongodzipereka asamayende ndi njala polondera chuma cha tonse. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lidayamba mu 2006, ndipo milatho yambiri yomangidwa ndi thumba limeneli yakokoloka chifukwa palibe amene adaganizira za phiri limene madziwo amachokera. Kumanga mlatho womwewo katatu ndi kuononga msonkho wa anthu osauka.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Mukuti, bambo inu mukulankhula mutakhuta, munthu amene ana ake agona ndi njala mwezi wa Febuluwale mungamuuze za mbalame? Funso limeneli ndi loona ndipo tisalithawe. Wootcha makala sadana ndi mtengo, akufuna ufa. Lamulo loletsa lopanda njira ina yopezera chakudya lidzatibwezera ku malimidwe a atsamunda. Nchifukwa chake ntchito zolipidwa za m'midzi, kuyambira za MASAF za m'ma 1990 mpaka za M'bwezera Chilengedwe za zaka zaposachedwapa, ziyenera kulunjika kwa anthu omwewo amene tikuwaletsa, pa miyezi yomweyo imene nyanja yatsekedwa, ndipo maina a olembedwa ntchito aziwerengedwa pagulu kuti asakhale a abale a mfumu ndi a chipani okhaokha. Ming'oma ya njuchi m'nkhalango ya mudzi, mbaula zosatha nkhuni, mapesi a nandolo ophikira, ndi matenti oumitsira matemba pa dzuwa amene adayesedwa kale pa nyanja ino, zonsezi zimachepetsa nkhwangwa popanda kuchepetsa nsima. Komanso tizinena zoona, nyanja ikauma woyamba kuvutika si bwana wa mu ofesi. Ndi msodzi wa m'zimbowera, mayi wogulitsa matemba, mnyamata wa kabaza wonyamula nsomba. Kuteteza nyanja ndi kuteteza osauka.

Kwa inu mafumu athu, ndilankhula mwaulemu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Dziko mudalisungira ife, ndipo anthu amamvera inu kuposa kalata ya ku boma. Koma mfumu ikalandira nkhuku kapena kachindapusa ka mseri nkulola khoka loletsedwa, kapena ikagulitsa dambo kwa munthu wa ndalama, mudzi wonse umadziwa m'mawa mwake, ndipo palibenso mwana amene angamvere lamulo. Khansala ndi mfumu asalimbirane ulemu. Wina ali ndi chidindo cha lamulo, wina ali ndi makutu a anthu, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu anthu ovota, makamaka amayi amene mumayenda mtunda wautali kufuna nkhuni ndi madzi, ndi achinyamata amene mudzakhale ndi nyanjayi ife titapita, ntchito yanu siidathere pa tsiku loponya voti. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, pitani mukakhale kumbuyo mukamve. Kuyambira pa 30 Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a Boma likugwira ntchito, choncho muli ndi mphamvu yofunsa kuti pa doko panu padatoleredwa ndalama zingati ndipo zidagwira ntchito yanji. Kufunsa sikuukira boma. Ufulu umenewu ndi umene anthu adauvutikira, ena kumangidwa, ena kufera kunja. Ndipo wofuna voti yanu akadzabwera ndi nsalu ndi lonjezo lakuti adzakulolani kulima m'nkhalango kapena kupha nsomba nyengo yotseka, mudzamufunse kuti ana anu adzadya chiyani iye atapita ku Lilongwe.

Wapampando, nyanja ya Chilwa idzaumanso. Zimenezi palibe angazikane, ndipo mwina ambiri a ife tidzaziona. Chimene tingasankhe ndi chakuti ikadzauma, maiwe a Domasi ndi Likangala adzakhale ndi mbewu ya nsomba, mapiri adzakhale ndi mitengo yosunga akasupe, ndipo anthu adzakhale ndi china chogwira podikira madzi. Pempho langa ndi lakuti tisabalalike muno tisanagwirizane tsiku limene makhonsolo anayiwa adzakumane kuti alembe malamulo amodzi, ndipo khansala aliyense abwerere kwao ndi ntchito yolemba akasupe, maiwe ndi nkhalango za m'dera lake mvula ikubwerayi isanagwe. Tikadzakumananso tidzayambe ndi kuwerenga zimene zachitika.